Kodi msika wa kaboni ndi chilolezo choti olemera apitirize kuwononga?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira funso ili pa imelo: "Mayiko akamakumana pa misonkhano ya zanyengo amakambirana zogula ndi kugulitsa kaboni. Kodi kumeneku si kulola olemera kuti apitirize kuwononga malinga ali ndi ndalama?"

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Nkhawa yanu ndi yomveka, koma m'nkhaniyi muli njira ziwiri zosiyana zimene anthu amazisakaniza, ndipo ine ndimaikira kumbuyo imodzi pamene inayo ndimaikayikira.

Njira yoyamba ndi yolipiritsa wowononga pa tani iliyonse ya mpweya woipa wa kaboni umene watulutsa. Dziko la Sweden linayamba kutero kudzera mu msonkho m'chaka cha 1991, ndipo South Africa inatsatira mu 2019. Bungwe la European Union linasankha njira ya msika mu 2005: limaika malire a mpweya wonse umene mafakitale ndi malo opangira magetsi angatulutse, kenako limagawa zilolezo zoti makampani azigulitsana, ndipo malirewo amatsika chaka ndi chaka. Kwa nthawi yaitali zilolezozo zinachuluka kwambiri moti mu 2013 mtengo wake unatsika mpaka kuchepera mayuro 5 pa tani, ndipo pa mtengo wotere panalibe kampani imene ikanada nkhawa. Malamulo atakhwimitsidwa, mtengowo unadutsa mayuro 100 mu February 2023, ndipo magetsi ochokera ku malasha anayamba kuwawa m'thumba. Apa wowononga sakugula ufulu, koma akulipira chinthu chimene kale ankachita kwaulere.

Funso lanu likugunda penipeni pa njira yachiwiri, ya makirediti a kaboni. Kampani kapena dziko limapereka ndalama ku ntchito ina kwina, monga kuteteza nkhalango kapena kugawa mbaula zosamala nkhuni, kenako limawerengera mpweya umene wapewedwa kumeneko ngati kuti lauchepetsa lokha. Zonsezi zimadalira funso limodzi lovuta kuyankha: kodi nkhalangoyo ikanadulidwadi ndalamazo zikanapanda kubwera? Ngati sikanadulidwa, ndiye kuti wogulayo watulutsa mpweya wake wonse popanda chilichonse chobwezera. Vuto limeneli linaipitsa mbiri ya makirediti ambiri a pansi pa mgwirizano wa zanyengo wa Kyoto wa 1997. Mu January 2023, nyuzipepala za The Guardian ndi Die Zeit zinafalitsa kafukufuku wonena kuti makirediti ambiri a nkhalango ovomerezedwa ndi bungwe la Verra sanachepetse mpweya monga ankanenera, ngakhale kuti bungwelo linatsutsa zimenezi.

N'chifukwa chake gawo 6 la mgwirizano wa zanyengo wa Paris wa 2015, limene limakamba za malonda a kaboni pakati pa mayiko, linatenga zaka zambiri mayiko akukokanakokana. Ku Glasgow mu 2021 anagwirizana kuti dziko likagulitsa tani imodzi kwa dziko lina, lisaiwerengenso pa malonjezo ake ochepetsa mpweya woipa, kuti tani imodziyo isawerengedwe kawiri. Anagwirizananso kuti pa msika woyang'aniridwa ndi United Nations, magawo 5 pa 100 alionse a makirediti azipita ku thumba lothandiza mayiko kupirira kusintha kwa nyengo. Malamulo otsala anamalizidwa ku Baku mu 2024.

Lamulo loletsa kuwerenga kawirili ndi labwino, koma lili ndi msampha kwa mayiko osauka, ndipo zimandidetsa nkhawa kuti sizikambidwa mokwanira. Dziko likafulumira kugulitsa ntchito zosavuta ndi zotsika mtengo, limatsala ndi zovuta ndi zodula pamene likufuna kukwaniritsa malonjezo ake. Choncho mukamva kuti boma lina lasainirana ndi kampani mgwirizano wa kaboni, funsani kuti tani iliyonse ikugulitsidwa pa mtengo wanji, kwa zaka zingati, ndani adzatsimikize kuti mpweya wachepadi, ndiponso kuti anthu okhala m'malo amenewo anafunsidwa kapena ayi mgwirizanowo usanasainidwe.