Kodi pulogalamu yokana anthu ambiri ndiyo yovuta kulowa?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wakhoza MSCE ndi mapointi 14 ndipo tikudzaza fomu ya NCHE (bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba) yolowera ku yunivesite za boma. Msuweni wake akuti tipewe mapulogalamu amene amatenga anthu ochepa pa 100 alionse olembera, tisankhe otenga ambiri. Kodi nambala imeneyi tiidalire? Ndine mayi wa ku Namwera, Mangochi.

YANKHO: Mayi, musaidalire payokha. Nambalayo amaipeza poyerekeza otengedwa ndi onse amene analembera malo. Imakuuzani kutalika kwa mzere, koma siikuuzani kuti oima pamzerewo ali ndi mapointi angati.

Tiyerekeze kuti pali mapulogalamu awiri, iliyonse ya malo 50. Yoyamba imangofuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingelezi, ndiye aliyense wokhoza amaiyesa. Alembera anthu 1,000, kutanthauza kuti otengedwa ndi 5 pa 100. Yachiwiri imafuna munthu wokhoza kwambiri Masamu, Physics ndi Chemistry. Ambiri amadziona okha kuti sakufika, ndiye alembera 200 basi, otengedwa 25 pa 100. Papepala yachiwiriyi ikuoneka yofewa. Koma ngati ambiri mwa 1,000 aja ali ndi mapointi opitirira 20, mwana wanu awadutsa. Ngati 60 mwa 200 awa ali ndi mapointi osaposa 10, iye atsala ngakhale nambala ikuoneka yabwino.

Palinso zina zimene zimakweza chiwerengero cha okanidwa popanda kukweza mpikisano. Munthu mmodzi amalemba mapulogalamu angapo pafomu imodzi, choncho amawerengedwa m'malo angapo. Ena amalembera pulogalamu imene sakukwaniritsa n'komwe zofunika zake. Komanso nambala ya yunivesite yonse imasakaniza zinthu zosiyana: kulowa maphunziro a udokotala ku KUHeS kapena uinjiniya ku MUBAS sikufanana ndi kulowa mapulogalamu ena a pasukulu zomwezo. Malonso amachepa chifukwa cha zipinda zophunzirira, malabu ndi aphunzitsi, osati chifukwa sukulu yafuna kukhwimitsa.

Kunja nkhani ndi yomweyi. Mu 2022 yunivesite ya Harvard inatenga anthu osakwana 4 pa 100, koma ku America fomu imodzi ya Common Application imalola munthu kulembera sukulu mpaka 20. Ku Britain, fomu ya UCAS yolowera ku yunivesite imalola zisankho 5 zokha, ndipo munthu salembera Oxford ndi Cambridge chaka chimodzi. Nambala za mayiko awiriwa sizingayerekezedwe mwachindunji. Ngakhale U.S. News, imene imasanja mayunivesite a ku America, inasiya kugwiritsa ntchito nambalayi pakasanjidwe kake mu 2018.

Chimene tikufuna muyang'ane kwambiri ndi satifiketi ya mwanayo, phunziro ndi phunziro. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene wakhoza bwino. 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti. Mapointi 14 atha kukhala 1, 1, 2, 2, 3 ndi 5. Ngati 5 ameneyo ali pa Masamu, uinjiniya umuvuta, pomwe mnzake wa mapointi 16 amene ali ndi 1 pa Masamu ndi Physics ali pabwino. Apa ndi pamene ana ambiri okhoza bwino amagwera.

Tengani chilengezo cha NCHE cha chaka chino, mufufute pulogalamu iliyonse imene mwanayo sakukwanitsa zofunika zake, ngakhale aikonde bwanji. Kenako pitani naye kwa ahedi kapena mphunzitsi wa Fomu 4, mufunse kuti ana a pasukulupo amene anasankhidwa zaka zapitazi anali ndi mapointi angati ndipo anapita pulogalamu iti. Poyamba alembe imene akuifuna ndipo ali nayo mwayi weniweni. Zotsatirazo zisakhale zonse za mpikisano woopsa. Pakhale ina imene mapointi a mwanayo ndi abwino kuposa a amene amasankhidwako.

FUNSO: Yunivesite ina yomwe si ya boma yanditenga pasanathe sabata, ndipo anzanga onse amene tinalembera limodzi atengedwanso. Ndiye kuti ndi yachabechabe? Ndine mnyamata wa ku Monkey Bay.

YANKHO: Achimwene, kutenga anthu ambiri sikutiuza za kaphunzitsidwe. Sukulu zoterezi zimadalira fizi, ndipo si onse otengedwa amene amakayamba. Musanalipire kalikonse, onani pamndandanda wa NCHE ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso ngati pulogalamu yanuyo ilipo, chifukwa sukulu itha kuvomerezedwa pulogalamu ina isanavomerezedwe. Ngati ndi unamwino kapena uzamba, funsaninso ku Nurses and Midwives Council of Malawi; ngati ndi zachipatala zina monga udokotala, ku Medical Council of Malawi. Popanda kulembetsedwa kumeneko simudzaloledwa kugwira ntchitoyo.