Kodi Street Fighter 30th Anniversary Collection ndi gemu imodzi yogulitsidwa kasanu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene ankasewera Street Fighter II ali mnyamata, ndipo tsopano akufuna kuonetsa ana awo gemu imene inawadyera makobidi ambiri. Funso lawo linali lakuti: "Pa magemu 12 amene ali mu Street Fighter 30th Anniversary Collection, asanu ndi Street Fighter II yomweyo. Kodi a Capcom sakungotigulitsa chinthu chimodzi kasanu?"

Bambo, mwawerengera bwino. Capcom, kampani yopanga magemuwa, inatulutsa mpukutu umenewu mu Meyi 2018 pa PlayStation 4, Xbox One, Nintendo Switch ndi pakompyuta, pokumbukira zaka 30 za gemu yoyamba ya mu 1987. Muli gemu yoyambayo, mitundu isanu ya Street Fighter II, itatu ya Street Fighter Alpha ndi itatu ya Street Fighter III. Koma pa mfundo yoti isanuyo ndi chinthu chimodzi, ndikukutsutsani mwaulemu.

The World Warrior ya mu 1991 inali ndi omenyana asanu ndi atatu okha oti munthu asankhe, monga Ryu, Ken, Chun-Li, Guile ndi Zangief, ndipo anthu awiri sankatha kusankha womenya mmodzi onse. Champion Edition ya mu 1992 inachotsa chiletso chimenechi n'kulola kuti mabwana anayi, adani amene munthu ankalimbana nawo kumapeto kwa gemu, kuphatikizapo Sagat ndi M. Bison, azisankhidwanso. Chakumapeto kwa chaka chomwecho kunabwera Hyper Fighting, ndipo mbiri yake ndi imene imandikoka mtima kwambiri: m'nyumba zosewerera munadzaza makina achinyengo amene anthu anawasintha kuti azithamanga kwambiri, ndipo Capcom, poona kuti osewera alikonda liwirolo, inayankha ndi gemu yakeyake yothamanga koma yosataya chilungamo pakati pa omenyanawo. Super Street Fighter II ya mu 1993 inawonjezera Cammy, Fei Long, Dee Jay ndi T. Hawk, pomwe Super Turbo ya mu 1994 inabweretsa womenya wobisika dzina lake Akuma pamodzi ndi Super Combo, kumenya kwamphamvu kumene kumatheka kamzere kam'munsi kakadzaza. Mukaisewera motsatana, manja anu amva okha mmene opanga ankaikonzera gemuyi potsatira zimene osewera ankatulukira, ndipo kwa ine phindu lenileni la mpukutuwu lagona pamenepo.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma ndiyenera kukuchenjezani. Magemu onsewa ndi a m'makina oponyamo makobidi aja, osati amene anakonzedwera m'nyumba. Ngati munazolowera Street Fighter Alpha 3 ya pa PlayStation, gawo lija la World Tour simulipeza. Komanso makinawo anapangidwa kuti munthu azigonja msanga n'kuponyamo kobidi lina, choncho kulimbana ndi kompyuta, makamaka mu Super Turbo, ndi kowawa moti mwana wongoyamba kumene akhoza kutaya mtima tsiku loyamba lomwe. Gemu ya mu 1987 nayo ndi yongoionera mbiri. Imachedwa kumvera mabatani ndipo Hadoken, mpira wamphamvu umene Ryu ndi Ken amaponya ndi manja, imatuluka movutikira.

Pa intaneti mungathe kusewera anayi okha: Hyper Fighting, Super Turbo, Alpha 3 ndi 3rd Strike. Magemu omenyana salola netiweki yochedwa ngakhale pang'ono, chifukwa chibakera chikachedwa ndi kamphindi kochepa ndiye kuti mwaphonya kale. Ngati intaneti yakwanu imadukaduka, musaugule mpukutuwu poyembekezera kulimbana ndi anthu akutali.

Pa zonse zimene zilimo, 3rd Strike ya mu 1999 ndi imene ndingaipereke ngati chifukwa chokwanira chogulira. Zithunzi zake zinajambulidwa pamanja mosamala kwambiri, ndipo ili ndi njira yotchinga yotchedwa parry, pomwe m'malo mobwerera m'mbuyo mumakankhira kutsogolo pa nthawi yeniyeni imene theche kapena chibakera chikukufikani. Ndi m'gemu imeneyi mmene katswiri wosewera Daigo Umehara, pa mpikisano wa Evo wa mu 2004, womenya wake atatsala ndi moyo wochepetsetsa, anatchinga mateche onse a Chun-Li wa wopikisana naye Justin Wong motsatizana n'kupambana ndimeyo. Vidiyo yake ilipo pa YouTube, ndipo ndi bwino ana aione asanagwire mabatani.

Tsono ngati cholinga chanu n'kukhala pampando umodzi ndi ana, gulani, ndipo mupezeretu zogwirira ziwiri. Yambani ndi Hyper Fighting, chifukwa malamulo ake ndi ochepa, mabatani atatu a zibakera ndi atatu a mateche, ndipo ana azilimbana ndi inuyo kapena okhaokha, osati ndi kompyuta. Akayamba kukugonjetsani ndi Ken, imeneyo ndiyo nthawi yowatsegulira 3rd Strike.