Funsani Akatswiri: Filimu ya Asodzi a Usipa

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndife achinyamata asanu, tikufuna kujambula filimu ya mphindi 30 yonena za asodzi a usipa kwathu kuno. Tili ndi kamera imodzi ndi kandalama kochepa. Tiyambire pati?
Wowerenga, Nkhotakota

YANKHO: Kandalamako mugulire maikolofoni, osati kamera ina. Anthu amapirira chithunzi chamdima pang'ono, koma mawu akangoti asamveke amanyamuka n'kumapita. Kunyanja mdani wanu ndi mphepo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, ndipo maikolofoni ya pakamera imangotola kuti phuu, mawu onse n'kumira. Maikolofoni mwagulayo imangeni pandodo, muiveke chisoti chaubweya chotchinga mphepo, ndipo isatalikire kupitirira theka la mita kuchokera pakamwa pa wolankhula. Wogwira ndodoyo asavule mahedifoni. Gawo lililonse likatha, onse akhale chete, mutepe mafunde okhaokha kwa mphindi imodzi. Phokoso limeneli ndi lomatira pomwe mwadula. Popanda ilo mafunde amamveka modukaduka.

Usipa amapha usiku ndi nyali, koma mumdima wabii kamera yaing'ono siona kanthu. Jambulani dzuwa litangolowa, thambo lisanade, nyali zili zoyaka kale. Nthawi imeneyi imangokhala mphindi ngati 20, choncho gawo limodzi ligaweni madzulo atatu. Kamera itcheleni pa mafulemu (zithunzi) 25 pa sekondi ndi shata (nthawi yolowetsa kuwala) 1/50 ya sekondi, chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi); mukaphonya apa, mababu a m'nyumba aziphethira pachithunzi.

Musanafike padoko ndi kamera, kaoneni anyakwawa ndi komiti ya pagombe. Aliyense wooneka nkhope asaine kapena adinde chala pakalata yovomereza. Wokoka chilimira akhale msodzi weniweni, wa m'tauni amaonekera pakagwiridwe ka nkhafi. Ndipo musawakonzere mawu kuti amveke ngati a pawailesi, alekeni alankhule za padoko pomwepo.

FUNSO: Kodi nyimbo yotchuka tingaiike ngati tatchula dzina la mwini wake kumapeto?
Wowerenga, Zomba

YANKHO: Ayi ndithu, kutchula dzina si chilolezo. Pamafunika kalata ya wopeka nyimboyo komanso ya mwini wa tepi yake. A COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zolemba, angakulozereni kwa eni akewo. Ngakhale wailesi yolira m'golosale mukujambula, pemphani aizimitse, apo ayi YouTube ikhoza kutseka filimu yanu. Chotchipa n'kupangana ndi woimba bangwe wa kwanuko, pangano lake lolembedwa.