Nthondo wa malemu bambo anga adathera pambaula ku Mayfair

Achemwali, mwandikhudza pachilonda pamene mwati titchule mabuku amene atikomera miyezi yapitayi kuti tizibwerekana, chifukwa buku limene ndikadalitchula poyamba lero ndi phulusa, ndipo amene adalitentha ndi munthu amene ndinkadya naye mbale imodzi.

Linali Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, limene lidatuluka koyamba mu 1933 ndipo chaka chotsatira Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi. Langalo linali losindikizidwa pambuyo pake, koma linali la malemu bambo anga, amene adalemba dzina lawo mkati mwa chikuto ndi kumadula mizere kunsi kwa mawu amene adawakonda. Mayi adalipatsira transipota m'mwezi wa March atalikulunga mujumbo pakati pa mpunga wa Kilombero ndi usipa, ndipo lidadutsa Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge osanyowa kapena kung'ambika, kungoti lidafika likununkha usipa. Ndidaliwerenga kawiri m'kanyumba ka ulonda pageti pamene ndimagwira ntchito usiku, kutsatira moyo wa Nthondo kuyambira kubadwa kwake, unyamata wake wopulupudza, mpaka kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima, ndipo mizere ya bambo ija inkandichititsa kumva ngati tikuwerenga awiri.

Tsono m'mwezi wa June, sabata imene kudazizira mpaka madzi kuuma m'mabeseni, ndidaweruka m'mawa zala zitachita dzanzi, ndipo nditafika kuchipinda chimene ndimachita lendi kuseri kwa nyumba ina ku Mayfair, muno mu Johannesburg, ndidapeza magetsi atazima. Mnyamata wa kwathu amene ndinkamusunga adali atakhala pakhomo atafunda bulangete langa, akuwotha moto pambaula ya chitini chobowola, poto wa tiyi ali pamoto. Ndidakondwera poyamba, ndipo ndidanjuta kuti nanenso ndiwothe. Nditatambasula manja ndidaona kapepala kopsa theka katagwera pansi pambali pa mbaulayo, ndipo pa kapepalapo padali mzere wa inki yabuluu, wopindika kumapeto monga momwe bambo ankadulira. Ndidakatola kakali kofunda. Ndidalowa m'chipinda osayankhula, ndipo pamwamba pa sutikesi ndidapeza chikuto chokha ndi masamba ochepa akumapeto, ena onse atazulidwa. Makala adali onyowa, choncho sadatenge tsamba limodzi kapena awiri ayi, ankangozula ndi kuponya mpaka moto udagwira.

Nditamufunsa adandiyang'ana ngati ndine wopenga, nati, "Achimwene, ndimayesa ndi lotha ntchito, si lachikasu kale? Tikagula lina m'tauni." Akagula kuti? Ndi shopu iti mu Johannesburg muno imene mungalowe ndi kutulukamo ndi Nthondo wa Chichewa, ndipo ngakhale mutalipeza, kodi mudzapezamo dzanja la bambo anga? Munthu ameneyu ndidakamuchingamira ine ku Park Station alibe ngakhale juzi, ndidamulipirira ngongole ya ulendo, ndidamupezera ganyu yotsuka magalimoto ku Fordsburg, ndipo miyezi inayi sadaperekepo ngakhale randi imodzi ya lendi kapena ya ufa. Makatoni a kugolosale adali kuseri kwa chitseko, nyuzi zakale zidali pansi pa bedi, koma dzanja lake lidasankha chinthu chimodzi chimene ndidamuuza tsiku loyamba kuti asachikhudze. Chimene chidandipweteka koposa ndi lamya ya amalume ake madzulo a tsiku lomwelo, amene adandiuza kuti munthu wamkulu sadana ndi mwana wa mnzake chifukwa cha mapepala. Akuti mapepala! Akuluakulu adanenadi kuti chisoni chidapha nkhwali. Sindidamuthamangitse tsiku limenelo chifukwa kunja kunkazizira, koma pakutha pa July ndidamuuza kuti akafune kwina.

Zitachitika zimenezi ndidakhala masabata atatu osatsegula buku lililonse, ndipo amene adandibweza ndi mkulu wa mpingo wina wa kutchalitchi kwathu, amene adandibwereka Mine Boy la Peter Abrahams. Limeneli ndilo ndingati landikomera koposa mwa amene akadali amoyo. Lidatuluka mu 1946, chaka chimene anthu akuda ogwira ntchito m'migodi ya kuno adanyanyala ntchito m'mwezi wa August, ndipo likusimba za Xuma, mnyamata wochokera kumudzi amene adafika usiku ku Malay Camp, dera lina la Johannesburg, wopanda ndalama kapena pogona, nalandiridwa ndi Leah, mayi wogulitsa mowa mozemba apolisi. Aliyense wa ife amene adatsika basi mumzinda uno atagwira nambala ya foni imodzi yokha adzadziona yekha m'masamba oyambawo. Mlembiyo adabadwira ku Vrededorp mu 1919, dera limene ndimalidutsa ndikamapita kuntchito, ndipo kuyambira pamenepo ndimayang'ana timisewu take ndi maso ena. Pamene ndidafika pa nkhani ya munthu wa mumgodi wotsokomola magazi amene ankabisa matenda ake poopa kuchotsedwa ntchito asadamalize ngongole, ndidatseka buku ndi kukumbukira agogo anga aamuna, amene adabwera kuno ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, nabwerera kumudzi boma la Kamuzu litaletsa ulendowu kutsatira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974. Tili ana tinkaseka chifuwa chawo ndi nsapato zawo zazikulu za kumgodi, osadziwa chimene tinkaseka. Ndikuvomereza kuti bukuli lidandivutitsanso mumtima, chifukwa Leah adalandira mlendo popanda kumuwerengera, pamene ine ndidali nditangotulutsa wanga.

Lina ndi I Will Try la Legson Kayira, la mu 1965, limene ndidaligula marandi 40 kwa munthu woyala mabuku pansi pafupi ndi Park Station. Kayira adanyamuka wapansi kuchoka kumpoto kwa Nyasaland mu 1958 kukafuna maphunziro ku America, adafika mpaka ku Khartoum, ndipo pomaliza adalandiridwa ku Skagit Valley College. M'katundu wake wochepayo mudali mabuku awiri, Baibulo ndi Pilgrim's Progress, ndipo ndidangoti ali ndi mwayi kuti sadayende ndi mnyamata wanga uja. Gawo la ubwana wake ndi la ulendo ndi lokoma kwambiri, koma akafika ku America nkhani imayamba kuzirala, ndipo kumeneko ndidawerenga mothamanga.

Choncho pa za kubwerekana, malangizo anga ndi akuti musabwereke munthu buku limene simungathe kuligulanso, ndipo ngati muli ndi buku lochokera kwa makolo mulitsekere musutikesi ndi loko, kapenanso mulisiye kumudzi komweko, ngakhale kumeneko nako chiswe sichigona. Mulijambule tsamba lililonse ndi foni lisadachoke m'manja mwanu, chinthu chimene ine ndidachiganiza moto utazima kale. Komabe musaumire kwambiri, chifukwa mkulu wa mpingo uja akadatsatira malangizo angawa sindikadamudziwa Xuma, ndipo kunena zoona buku lawolo likadali kwa ine, mwezi wachitatu tsopano, ndipo Lamulungu lililonse ndimawalonjeza kuti ndibwera nalo sabata yamawa. Amene akufuna I Will Try andilembere kumbali, ndidzamupatsa tikatuluka m'mapemphero, bola asakhale wophikira pambaula. Ndipo ngati alipo wina m'gulu muno amene ali ndi Nthondo, ngakhale wothothoka chikuto, ndikupempha kuti andilole ndidzawerengere pakhomo pake pomwepo iye akundiona, chifukwa masamba akumapeto ndili nawo, ndikusowa oyambirira ndi apakati.