Ndipite ku Joni kapena ndikhale?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Amagulitsa mabulangete ndi nsapato, ndipo atopa ndi kupikula ku Lilongwe komwe phindu limatsalira ena. Akufuna akadzipikulire okha ku Joni, koma apongozi awo akuti akangokwera basiyo tidzalandira maliro. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi n'zoona kuti kumeneko munthu amaphedwa ngati nkhuku? Ndipite kapena ndikhale?"

Achemwali, apongozi anuwo musawatenge ngati amantha chabe. Mu Meyi 2008 zipolowe zothamangitsa anthu obwera zinayambira ku Alexandra, dera lina la mumzinda wa Joni, n'kufalikira madera ena, ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu Epulo 2015 zinabukanso ku Durban, mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga Amalawi. Msewu wa ku Tete ku Mozambique, womwe mabasi a ku Joni amadutsa, nawonso akuluakulu amaukumbukira ndi nkhondo ya Frelimo ndi Renamo yomwe inatha mu 1992, pomwe magalimoto ankayenda pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali. Ngakhale posachedwapa, kumapeto kwa 2024, ziwonetsero za chisankho ku Mozambique zinatseka misewu, matanki a mafuta obwera kuno n'kuima.

Komabe inu ndinu wa kunyanja. Mlendo wa kumtunda akafika ku Senga Bay amaona madzi onse ngati manda, pomwe msodzi amadzuka m'bandakucha, kuyang'ana kumwamba, n'kudziwa kuti lero mwera wavuta, bwato likhale pamchenga. Ku Joni kumafunika maso ngati amenewo. Pali misewu yake, pali maola ake, ndiye palinso nyengo zoti munthu angodikira kaye.

Ine ulendo wanga woyamba ndinauyenda mwachibwana. Tinalowera pa Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete dzuwa likuswa mtengo, kudutsa Nyamapanda polowa m'Zimbabwe, kenako Beitbridge, chipata cholowera ku South Africa, komwe tinaima pamzere miyendo mpaka kutupa. Basi inafa panjira, ndiye tinafika pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ku Joni, usiku. Wondichingamira anali atatopa n'kubwerera. Foni yanga inalibe layini ya kumeneko. Mnyamata wina anabwera akumwetulira, akulankhula Chichewa chabwinobwino, nati andinyamulire chikwama andipezere takisi panja. Mtima unagwa pansi pomva chilankhulo cha kwathu. Mayi wina wachikulire amene ndinakhala naye mpando umodzi anandigwira mkono mwamphamvu, nati, "Mwanawe, khala pansi. Muno sitituluka mpaka kuche." Tinagona pa benchi, zikwama zili pamiyendo. Mpaka lero ndimawathokoza mayi aja.

Choncho yankho langa ndi lakuti pitani, koma ulendo woyambawu musayende nokha. Pezani mayi wa geni amene wapitako kangapo, amene akudziwa kogona, takisi yokwera popita ku Dragon City, msika wopikulirako katundu, ndi nthawi yoyenera kukhala mutabwerera. Ndalama musaike pamodzi. Foni musamaitulutse mumsewu.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mapepala. Anthu athu ambiri amene amaona zakuda paulendowu ndi omwe apereka ndalama kwa matransipota owalonjeza kuwawolotsa opanda pasipoti. Munthu wotereyu akaberedwa sangapite kupolisi, akadwala amaopa chipatala, ndipo akagwidwa amakathera ku Lindela, malo osungirako anthu obwera opanda mapepala, kudikira tsiku lobwezedwa. Ndi pasipoti ya Malawi mumaloledwa kukhala mpaka masiku 30 opanda viza. Akakudindirani pa Beitbridge, onani tsiku lomwe alemba musanachoke pawindo, chifukwa mukapyoza amakuletsani kulowanso.

Alipo malo oti mukanandifunsa ndikanati ayi osaganizanso. M'chigawo cha Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, zigawenga zinayamba kupha anthu ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, ndipo mu Malichi 2021 zinaukira tawuni ya Palma. Kumeneko ngakhale wina akulonjezeni phindu lotani, geniyo ileke.

Sabata yonyamukayo muzimvera nkhani, ndipo mufunse amene angofika kumene, chifukwa za mwezi watha zimakhala zitasintha. Mukamva kuti kwayamba zoguba zothamangitsa obwera, tikiti isinthidwe, mabulangete sawola. Apongozi anuwo muwasiyire fotokope ya pasipoti ndi nambala ya mayi amene mukuyenda nayeyo, ndipo mukangowoloka Beitbridge muwaimbire.