Pampu ya sola yafooka mu Juni: kodi mudafufuza za dzuwa la kwanuko?

Mlimi wina wa ku Thyolo wafunsa motere: "Alangizi, ndimalima tomato ndi mpiru m'dimba la kota ya ekala. Mu Okutobala chaka chatha ndidagula pampu ya sola ndi mapanelo awiri a mawati 300 lililonse, ndipo wogulitsa adayiyesa ine ndikuona, nthawi ya masana, madzi nkutuluka mwamphamvu. Chiyambire Juni madzi akungodontha mmawa wonse, ndipo masiku ena satuluka nkomwe. Kodi adandigulitsa pampu yachinyengo?"

Bambo, musanapite kukakangana ndi wogulitsayo, ndiloleni ndikudzudzuleni pang'ono, chifukwa cholakwa chili m'funso lanu lomwelo. Mudayesa pampu mu Okutobala, masana, tsiku limodzi lokha, ndipo mudakhutira ngati kuti mwaona dzuwa la chaka chonse. Okutobala ndiye mwezi umene dzuwa limakhala lamphamvu kwambiri m'Malawi muno, pamene inu mukulima ku Thyolo, kumene chiperoni chimatha kuphimba thambo masiku atatu kapena anayi otsatizana pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Simungagule mbewu ya chimanga mutangoona mvula ya tsiku limodzi, ndiye n'chifukwa chiyani mudatero pogula chipangizo chimene chakudya chake ndi dzuwa? Ngakhale sindidaione pampu yanuyo, ndikukhulupirira kuti ilibe vuto lililonse. Mapanelo anu ndi ochepa poyerekeza ndi dzuwa la nyengo yozizira.

Dzuwa limayezedwa monga momwe timayezera mvula, ndipo kaundula wake amasungidwa kwa zaka zambiri. Kumalo oyezera nyengo monga ku Bvumbwe ndi ku Chitedze, a nthambi yoona za nyengo akhala akulemba maola a dzuwa kuyambira kalekale. Chida chakale choyezera ndi galasi lobulungira ngati mpira limene limasonkhanitsa kuwala nkumapsereza kapepala kolembedwa maola, kotero kuti madzulo munthu amayang'ana kutalika kwa mzere wopsererawo nkudziwa kuti dzuwa lawala maola angati. Pamene padadutsa mtambo, kapepalako kamakhala koyera. Masiku ano kuli zida zoyeza mphamvu yeniyeni ya kuwalako, komanso setilaiti zimene zimajambula mitambo tsiku ndi tsiku. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idatsegula mapu a dzuwa a pa intaneti otchedwa Global Solar Atlas mu 2017, ndipo aliyense amene ali ndi foni ya intaneti akhoza kuloza pamapu pamene pali munda wake nkuona ziwerengero za malowo kwaulere. Tsamba la pa intaneti la NASA POWER, la bungwe la ku America loona za mlengalenga, nalonso limapereka ziwerengero za mwezi ndi mwezi zochokera pa zaka zambiri. Makampani amene adamanga malo opangira magetsi a dzuwa ku Salima ndi ku Golomoti sadakumbe dzenje ngakhale limodzi asadasanthule kaundula wotere, ndipo mlimi wa kota ya ekala akusowa nzeru yomweyo, kungoti pamlingo waung'ono.

Chiwerengero chofunika kuchimvetsa ndi chimene amachilemba kuti kWh pa sikweya mita patsiku. Musachite nacho mantha, chifukwa tanthauzo lake ndi losavuta: chikakhala 5, ndiye kuti kuwala konse kwa tsikulo, kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, kukufanana ndi maola asanu a dzuwa lamphamvu la masana. Madera ambiri a dziko lino amapeza pakati pa 5 ndi 6 tikaphatikiza chaka chonse, koma chiwerengero cha chaka chonsecho ndi chimene chimasocheretsa alimi. Mu Okutobala chimapyola 6, pamene mu Juni ndi Julaye kumadera okwera a kumwera chimatsika kufika cha m'ma 4, ndipo tsiku la chiperoni chenicheni chimatsikiratu kuposa pamenepo. Tiwerengere mapanelo anu: mawati 600 kuchulukitsa ndi maola 6 ndi 3,600, pamene kuchulukitsa ndi maola 4 ndi 2,400, ndipo pa ziwiri zonsezi muchotsepo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limene limatayika ndi kutentha, fumbi ndi mawaya. Kuwonjezera apo, pampu imafuna mphamvu yokwanira kuti ingoyamba kukweza madzi, n'chifukwa chake mmawa wa mitambo imangolira koma madzi osafika kumapeto kwa paipi.

Koma musangoyang'ana mwezi wa dzuwa lochepa basi, ndipo apa ndi pamene ndimafuna kuti alimi azikhala pansi ndi pensulo. Milimita imodzi ya madzi pa kota ya ekala ndi malita pafupifupi 1,000. Tomato wamkulu m'nyengo yozizira amafuna mamilimita atatu kapena anayi patsiku, kutanthauza malita 3,000 mpaka 4,000, pamene mu Okutobala kukatentha akhoza kufuna malita 6,000 kapena kuposerapo, ndipo nthawi imeneyo madzi a m'chitsime amakhala atatsika, kotero pampu imakoka kuchokera pansi kwambiri. Lembani miyezi yonse imene mumathirira, kuyambira Epulo mpaka Novembala, pambali pa mwezi uliwonse muikepo dzuwa lake ndi madzi ofunika, kenako mupeze mwezi umene ziwirizi zatalikirana kwambiri. Mapanelo amagulidwa potengera mwezi umenewo. Ndakhala ndikuona zaka zingapo alimi a ku Chigwa cha Shire akuvutika mu Okutobala pamene a kumapiri amavutika mu Juni, ngakhale pampu zawo ndi za mtundu umodzi.

Tsopano chochita. Choyamba pitani mukaone kumene mapanelo ayang'ana. Ife tili kumwera kwa dziko lapansi, ndipo mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, motero mapanelo ayang'ane kumpoto atapendekeka ndi madigiri pafupifupi 15, kapena kuposerapo pang'ono ngati ulimi wanu waukulu ndi wa nyengo yozizira. Chaka china ndidapeza mlimi atagoneka mapanelo padenga la khola loyang'ana kumwera, chifukwa ndi pamene padali posavuta kukhomera, ndipo titangowatembenuza madzi adayamba kufika kumabedi a kumtunda. Onaninso mthunzi, popeza mtengo wa mango kapena nthochi umene sunkavuta mu Okutobala ukhoza kugwetsa mthunzi pa mapanelo mu Juni, ndipo ngakhale ngodya imodzi yokha itaphimbika mphamvu imatsika kwambiri. Muziwapukuta ndi nsalu yofewa yonyowa mmamawa asadatenthe, makamaka fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zikachuluka mu Ogasiti ndi Seputembala.

Chachiwiri, ndipo ichi ndimachinena kwa mlimi aliyense wa sola, gulani thanki. Ena adzakuuzani za mabatire, koma batire imatha pakapita zaka zochepa ndipo mbava zimaikonda, pamene thanki yoikidwa pamalo okwera imasunga dzuwa la lero ngati madzi a mawa kwa zaka zambiri. Pa dimba lanu thanki ya malita 5,000 ndi poyambira pabwino, ndipo mukaphimbira mabedi ndi udzu madzi omwewo akhoza kukufikitsani tsiku lachiwiri la chiperoni, popeza kukakhala mitambo mbewu nazonso sizimwa kwambiri. 

Za kuwonjezera panelo lachitatu, musachite nokha. Werengani kachitsulo kolembedwa pa pampu kapena pa kabokosi kake kowongolera magetsi, muone mlingo wa magetsi (mavolti) umene imalola, chifukwa mukapyola mlingo umenewo mudzaotcha kabokosiko. Mutenge nambala zimenezo, kuya kwa chitsime chanu ndi kutalika kwa paipi, mupite nazo ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu kuti mlangizi akuthandizeni kuona dzuwa la Juni pa mapu aja musadaguleko china chilichonse.