Kodi timabokosi "tosunga mayunitsi" timagwiradi ntchito?

FUNSO: Zikomo akonzi. Kunyumba kwanga mayunitsi sakuchedwa kutha, mwezi usanafike ndi pakati pomwe mita yayamba kale kulira. Nde alamu anga omwe ali ku Leeds ku UK akuti anaikitsa chipangizo chotchedwa voltage optimiser pafupi ndi mita ndipo akuti bilu yatsikako, komanso mtauni ndaona anyamata akugulitsa timabokosi tongobaya pa soketi akuti timadula magetsi ndi theka. Ndigule kapena akufuna kungotidyera ndalama? Mayi wa ana atatu, Chilomoni.

YANKHO: Mayi, ndalama yanuyo isungeni, musagule chonde.

Cha alamu anucho ndi chipangizo chenicheni ndithu, ndi ka transformer kotsitsa voltage (ukali womwe magetsi amakankhidwa nawo m'mawaya) magetsi asanalowe m'nyumba. Ku UK pa pepala amati 230 volts kuyambira 1995, koma pakhoma m'madera ambiri pamatulukabe pafupifupi 240, nde chipangizocho chimatsitsa kufika cha m'ma 220. Vuto ndi loti mita siwerenga voltage, imawerenga mphamvu yonse yomwe mwagwiritsa ntchito, yuniti imodzi ndi 1000 watts kwa ola lathunthu.

Tengani ketulo yanu ya tiyi wa m'mawa. Ngati imakoka 2000 watts pa 240, mukatsitsa kufika 220 izikoka pafupifupi 1680, apa munthu nkusangalala kuti ndapulumutsa, koma madzi aja sadziwa zimenezo, lita imodzi kuti iwire imafuna pafupifupi 0.1 ya yuniti basi kaya voltage ndi yotani, nde ketulo ingochedwa kuzima inu mutaima pomwepo ndi kapu m'manja ana akuchedwa ku sukulu, mayunitsi odyedwa ndi omwe aja. Giza, ayironi, uvuni, chilichonse chozima chokha chikatentha, nkhani yake ndi yomweyi. TV, tchaja ya foni, laputopu ndi mababu ambiri a LED nazo zimadzikonzera zokha magetsi mkati, mukachepetsa voltage zimangokoka current (kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya) yambiri kuti zikwanitse zomwe zimafuna. Pomwe pamapulumukako pang'ono ndi pa mababu akale otentha aja, koma nawo amangowala mofooka, ndi pa ma mota a magetsi ena akale omwe sakugwira ntchito yolemetsa. Alamu anu mwina bilu yatsikadi, koma afunseni ngati sanasinthenso mababu kapena ngati sikuti nyengo yozizira yangotha.

Kuno kwathu muyezo ndi 230 volts, ndipo m'makomboni ambiri dandaulo la madzulo anthu onse akayatsa mahotipuleti ndi loti magetsi afooka, babu kuchita kufiira. Pamenepo mukatsitsenso chani? Filiji ikamalandira voltage yochepa kwambiri kompuresa imavutika kudzuka, imatentha, mapeto ake kupsa.

Tsono timabokosi ta pa soketi ndi tomwe timandiwawa mtima kwambiri, chifukwa ogula ndi anthu omwe ndalama ikuwavuta kale. Ndinatsegulapo kamodzi komwe mnzanga anagula, mkati munali ka capacitor kamodzi (kachipangizo kosunga timagetsi kwa kanthawi kochepa), timawaya tochepa ndi kagetsi kobiriwira koti muziona ngati kakugwira ntchito, basi. Ogulitsa ena amatchula za power factor, muyezo wa gawo la magetsi okokedwa lomwe likugwiradi ntchito, ndipo ndi zoona kuti mafakitale omwe amalipira ma kVA (muyezo wina wosiyana ndi mayunitsi) amapindula akaikonza, koma ndi makina akuluakulu oikidwa ndi mainjiniya. Mita ya prepaid ya ESCOM ya pakhomo imadula ma kWh, omwe ndi mayunitsi aja, capacitor ija siyisintha kanthu pamenepo, ndipo kagetsi kobiriwirako nako kakudya timagetsi take usiku ndi usana. Musasokonezenso ndi fridge guard, iyo ndi yabwino poteteza filiji magetsi akabwera mwamphamvu atazima, koma siichepetsa mayunitsi.

Ngati muli ndi giza yambirani pamenepo mayi, ya 3000 watts ikatenthetsa madzi ola limodzi ndi mayunitsi atatu apita. Babu la 100 watts loyaka pakhonde maola 10 usiku ndi yuniti yathunthu, pomwe la LED la 10 watts lingayake mausiku 10 pa yuniti yomweyo. Lembani nambala ya pa mita m'mawa uliwonse kwa sabata imodzi, tsiku lina osayatsa giza, tsiku lina nyemba muziviike usiku musanaziike pa hotipuleti, kenako mutilemberenso mutiuze chomwe chimakudyerani mayunitsi.